Mawu Achinsinsi a Bambo Roorda

Bambo Eelco Roorda anagwira ntchito m'nyumba yosungira zikalata zakale za tauni yawo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo pa zaka zonsezo panalibe amene anawamvapo akutchula mnzawo wa pantchito kuti iwe. Anzawo onse, kuyambira wosesa mpaka woyang'anira, ankaitanana mayina oyamba ngati ana a bere limodzi. A Roorda okha ankavula chipewa pakhomo, ankagogoda ngakhale chitseko chili chotsegula, ndipo munthu aliyense kwa iwo anali bambo uje kapena mayi uje. Ena ankawaseka kumbali. Iwo ankadziwa, koma sizinkawasowetsa tulo.

Kunali kutatsala miyezi inayi kuti apume pantchito, ndipo chimene chinkawalemera mumtima sichinali kupumako ayi, koma mabokosi. M'chipinda chapansi munali mabokosi 212 a makalata a akuluakulu akale amene ankayang'anira makoma otchinga nyanja, onse olembedwa pamanja, ena a nthawi ya chigumula cha 1825. A Roorda anali atasanja mabokosi 90 okha ndi kuwalembera mndandanda, ndipo panalibenso wina m'nyumbamo wodziwa kuwerenga kalembedwe kakale kaja. Choncho anali atalemba pempho loti akapuma aziloledwa kubwera masiku awiri pa sabata, osalandira kanthu, ali ndi kiyi wawowawo wa chipinda chapansi, kufikira ntchitoyo itatha. Pempholo linali pa tebulo la woyang'anira nyumbayo, mayi Tjitske Algra, ndipo yankho linali loti lituluka Lachisanu.

Tsono pakati pa a Roorda ndi mayi Algra panali kachilonda. Mayiwo atangofika chaka chathacho, analamula kuti kabati yaikulu ya makadi, imene a Roorda anaidzaza ndi dzanja lawo, ichotsedwe, popeza zonse za pa makadiwo zinali zitalowa kale m'kompyuta. A Roorda anaima pa zenera n'kumaonerera amuna awiri akuikweza m'lole mvula ikuwaza. Masana a tsiku lomwelo kunabwera lamulo lina, lochokera kwa Marrit Hoitsma, mayi amene ankasamalira makompyuta a nyumbayo: aliyense asinthe mawu ake achinsinsi olowera m'kompyuta, ndipo lisakhalenso liwu limodzi, koma chiganizo chachitali chimene mwini wake sangachiiwale. A Roorda anakhala pansi mtima ukuwira, ndipo zala zawo zinalemba zimene pakamwa pawo sipakanatchula: Algra ndi mbuzi yovala magalasi.

Kuyambira pamenepo ankalemba chiganizocho tsiku ndi tsiku. Poyamba chinkawaziziritsa mtima. Pambuyo pake chinangosanduka chizolowezi cha zala, ngati kumanga zingwe za nsapato, moti mkwiyo unatha koma mawu anatsala.

Lolemba m'mawa, atapachika jekete lawo lonyowa, anapeza uthenga wa Marrit wopita kwa onse. Uthengawo unati Lachinayi lapitalo, posamutsa zinthu kuchoka m'kompyuta yaikulu yakale kupita m'yatsopano, fayilo ya mawu achinsinsi a anthu onse inagwera pamalo amene aliyense wa pantchito angathe kutsegula, ndipo inakhala pamenepo mpaka Loweruka. "Tithokoze Tjitske," unapitiriza motero, "amene anaiona, n'kuitsegula, n'kundiimbira foni. Aliyense asinthe mawu ake lero. Amene zamuvuta abwere kuchipinda kwanga, khofi alipo."

A Roorda anawerenga kawiri, ndipo kachiwiriko maso awo anaima pa liwu limodzi: n'kuitsegula.

M'maganizo mwawo fayiloyo inaoneka ngati kaundula aliyense amene anagwirapo: mayina kumanzere, mawu kumanja, ndi chala cha mayi Algra chikutsetsereka mpaka kufika pa R. Anakumbukira kuti m'mawa womwewo, iwo akuimika njinga, mayiwo anangokweza dzanja osaima, n'kunena kuti akuthamangira kumsonkhano kuholo ya tauni ndipo abwerako masana. Nthawi imeneyo a Roorda anaona ngati ndi changu chabe. Tsopano anaona kuti anali munthu wonyozedwa amene akusunga ulemu wake. Manyazi anawakwera kuchokera m'khosi mpaka m'makutu.

Iwo analeredwa ndi lamulo lakuti wolakwa sadikira kuitanidwa. Anatulutsa pepala loyera ndi cholembera chawo cha inki, nalemba mosamala:

"Mayi Algra olemekezeka, ndikudziwa kuti mwawerenga mawu amene ndinalemba onena za inu. Sindiwabwereza papepala lino, pakuti sanayenere kulembedwa ngakhale kamodzi. Ndilibe chodzikanira. Ndikupepesa ndi mtima wonse, ndiponso ndikubweza pempho langa la chipinda chapansi, popeza munthu sapempha kiyi kwa amene wamunyoza. Ine wanu, E. Roorda."

Anamata envelopu, anakagogoda pa chitseko cha ofesi ya mayi Algra, imene inali yopanda munthu, naika kalatayo pakati penipeni pa tebulo. Potuluka anaganiza za mabokosi 122 otsala aja, amene adzangokhala mumdima mpaka mapepala adzafumbwe. Kenako, popeza lamulo ndi lamulo, analowera kuchipinda kwa Marrit kukasintha mawu.

Marrit anali mayi wa zaka za m'ma 40, wokonda juzi lalikulu ndi kuika mapazi pa bokosi la zingwe. M'nyumba yonseyo ankati inu kwa a Roorda okha, ndipo ngakhale inuyo ankamutchula ngati akuseka.

"Lowani achikulire, musavutike n'kugogoda, chitseko chimenecho n'chogontha," anatero. "Aa! Nanga nkhopeyo? Ngati mwakwirira galu m'mawa uno. Mwadwala?"

"Ndili bwino, mayi Hoitsma, zikomo. Ndabwera kudzasintha mawu aja, ngakhale sindikudziwa ngati n'kofunikanso. Ndiloleni ndifunse chinthu chimodzi. Kodi mayi Algra anawerenga fayilo yonse?"

"Anaitsegula, anaiyang'ana, mutu unamupweteka, anaitseka. Nanga muli chowerenga mmenemo?"

"Muli dzina langa."

"Lilimo."

"Ndi mawu anga."

Marrit anatsitsa mapazi pa bokosi paja, nawayang'anitsitsa.

"Bambo Roorda, kodi mukuganiza kuti mmenemo muli mawu anu enieni? Monga momwe munawalembera?"

"Nanga akhala kuti? Mlonda wa pachipata sangabweze munthu wolakwitsa mawu amene iye mwini sakuwadziwa. Kompyuta imandibweza ndikalakwitsa chilembo chimodzi. Ndiye kuti inawasunga."

"Ee, koma ndiye mwaganiza mozama, mpaka mwagweramo. Kokani mpandowo."

Anatembenuza galasi la kompyuta kuti onse aone, natsegula fayilo ya mizere yambiri. Mzere uliwonse unkayamba ndi dzina. A Roorda anapeza lawo, ndipo patsogolo pake panali kachilembo kamodzi ka x.

"Uyu ndi kaundula wa mayina," anatero Marrit. "Aliyense angamuone, mulibe chobisa. Ka x aka kakutanthauza kuti za mawu achinsinsi kafunseni kwina. Kwinako ndi kuno." Anatsegula fayilo yachiwiri. "Iyi timaitcha mthunzi. Masiku onse imakhala yokhoma, oitsegula ndi kompyuta yokha ndi ine wosunga makiyi. Ndiyo imene ndinaigwetsa panjira, ine chitsiru. Dzipezeni."

A Roorda anakonza magalasi awo, nasendera pafupi mtima uli m'mwamba. Dzina lawo linalipo. Koma patsogolo pake panali chingwe chachitali cha zilembo zazikulu ndi zazing'ono, manambala, madontho ndi timizere topendama, zonse zitapiringizana popanda mpata. Iwo amene ankawerenga makalata onyowa a alembi oledzera a zaka mazana awiri zapitazo, anayesa kuchokera kumanzere, nayesanso kuchokera kumanja, osapezamo ngakhale liwu limodzi. Munalibe mbuzi. Munalibe Algra.

"Awa ndiwo mawu anga?"

"Ndi ufa wake." Marrit anatenga botolo la khofi wopera pa shelefu, naligwedeza. "Tsiku limene munawalemba koyamba, kompyuta sinawasunge ayi. Inayamba yathira mchere. Timautcha choncho, koma ndi zilembo zongotola chisawawa, munthu aliyense zakezake. Kenako inapera mawu ndi mcherewo pamodzi, kambirimbiri, n'kusunga ufa wokhawo ndi mchere pambali pake. Mukabwera m'mawa n'kulembanso, imathira mchere womwewo, imaperanso, n'kuyerekeza ufa ndi ufa. Ukafanana, lowani bambo. Ukasiyana, bwererani. Mlonda wanu uja sadziwa mawu, amangodziwa ufa."

"Ndipo ufawo sungabwezedwe?"

"Tengani khofi uyu mumubweze akhalenso njere, ndikugulirani njinga yatsopano ya belu lagolide."

"Ngakhale inuyo simungathe?"

"Ngakhale ine. N'chifukwa chake munthu akaiwala mawu ake sindimuuza akale, ndimangomupatsa atsopano. Mumayesa ndimachita nkhanza?"

A Roorda sanafune kukhulupirira msanga, pakuti chimwemwe chofulumira sankachidalira.

"Ngati zili choncho, tikusinthiranji?"

"Chifukwa wakuba akanakhala kuti watenga fayiloyi, akanakakhala kwawo n'kumapera mawu ongoganizira, mamiliyoni ndi mamiliyoni, kuona ngati ufa wina ufanana ndi wa munthu. Amene analemba dzina la mphaka wake ndi chaka chobadwa amagwidwa dzuwa lisanalowe. Mchere uja umamuchedwetsa, poti ayenera kuperera munthu aliyense payekhapayekha, koma sumuletsa. Ndiye timasintha kuti tigone bwino. Anuwo ndi mawu angati?"

"Asanu."

"Munawatenga m'buku? Vesi, mwambi, nyimbo ya kutchalitchi?"

"Ayi ndithu," anatero a Roorda motsitsa mawu. "Sali m'buku lililonse."

"Ndiye wakubayo adzafa ndi ukalamba asanawapeze. Pokhapokha ngati tsiku lina munasokoneza n'kuwalemba pamalo a dzina. Zimenezo zimachitika, ndipo kompyuta imalemba m'buku lake la olephera kulowa, osapera."

A Roorda anawongoka pampando.

"Mayi Hoitsma, moyo wanga wonse sindinalembepo chinthu pamalo olakwika."

"Pepani, bwana, ndaiwala amene ndikuyankhula naye."

Pamenepo mpweya umene a Roorda anaugwira kuyambira m'mawa unatuluka wonse. Mapewa anatsika, manja amene anakumbatira mawondo anamasuka, ndipo anamva phokoso la mvula pa zenera ngati makutu angotseguka kumene. Palibe amene anawerenga. Palibe amene akanatha kuwerenga. Chaka chonse ankayesa kuti chipongwe chawo chagona m'makinamo chili maliseche, pamene makinawo anachipera tsiku loyamba lomwelo. Anatsala pang'ono kuseka.

"Komatu mwandichititsa chidwi," anatero Marrit, akuthira khofi m'makapu awiri. "Munalemba chiyani, achikulire, choti mpaka nkhope kuyera chonchi? Dzina la chibwenzi chakale? Ndikawauza mayi Roorda."

"Sizoseketsa, mayi Hoits..."

Mawu anawathera pakamwa. Kalata! Anayang'ana wotchi ya pakhoma: inali isanakwane 11 koloko ndi theka.

"Mayi Algra anati abwerako masana, si choncho?"

"Tjitske? Wabwera kalekale. Msonkhano walephereka, wapampando wadwala chimfine. Wadutsa pompano akutukwana mvula."

A Roorda anali asanathamangepo m'khonde la nyumba imeneyo, ndipo ngakhale tsikulo sanathamange. Anangoyenda mofulumira kufikira pamene ulemu ungalolere, kenako anapitirirako pang'ono.

Chitseko chinali chotsegula. Mayi Algra anali chikhalire pa tebulo ndi jasi lawo la mvula, apulo lolumidwa kudzanja limodzi, kalata yotsegula kudzanja linalo. A Roorda anagogoda.

"Eelco! Lowani, khalani. Ndimati ndikuitaneni. Ichi n'chiyani? Ndawerenga katatu. Mawu ake ati amene ndawerenga? Mwandilemba m'nyuzipepala?"

A Roorda anaona bwino lomwe kuti khomo lothawira linali lotsegula. Akanatha kunena kuti anasokoneza, kuti ndi nkhani yakale yopanda pake, ndipo mayiwo, pokhala otanganidwa, akanaisiya. Koma bodza pamwamba pa chipongwe linali katundu woti sakanamusenza. Anakhala kumapeto kwa mpando.

"Ndi mawu anga achinsinsi, mayi. Ndinkayesa kuti munawaona m'fayilo ija."

"Muja? Muja munali ngati mwayenda nkhuku." Analumanso apulo, kenako kutafuna kunaima. "Dikirani kaye. Mawu anu olowera m'kompyuta ndi onena za ine?"

"Inde, mayi."

"M'mawa uliwonse?"

"Ndi masana, ndikachokera kokadya."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la kabati."

"Chaka ndi miyezi iwiri! Inuyo? Munthu wondigwirira chitseko?" Anaika apulo pa tebulo. "Ndi oipa kwambiri?"

"Ndi osayenera, mayi."

"Sindinafunse zimenezo. Chabwino, ndifunse mwina. Ndi oona?"

A Roorda anadzutsa maso. Anaona nkhope ya mayiwo, tsitsi lonyowa, ndi magalasi okhala ndi timadontho ta mvula. Funso lafunsidwa, ndipo linayenera kuyankhidwa molondola.

"Mbali imodzi yokha, mayi."

Mayi Algra anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kogwira pamimba, mpaka wosesa amene ankadutsa m'khonde anasuzumira.

"Musandiuze," anatero akupukuta m'maso. "Ayi, tsekani pakamwa, ndaona mukufuna kuulula. Ndikawadziwa ndidzayenera kukwiya, ndipo lero ndilibe nthawi. Kompyuta yakusungirani chinsinsi bwinobwino, inu n'kubwera nacho nokha mu envelopu! Marrit akamva adzagwa pampando."

"Ndikanakonda asamve, mayi."

"Samva. Koma chondikwiyitsa ndi mzere wotsirizawu. Mukubweza pempho? Ndiye mabokosi aja awerenge ndani, ine? Ndinatsegula limodzi mwezi watha, ndinalephera kudziwa kumutu ndi kumiyendo kwa pepala."

"Pempho likabwezedwa mwa kalata, mayi, ndiye kuti labwezedwa. Sindingathe kunamizira kuti sindinalembe."

"Kalatayi mwaipititsa kwa mlembi? Yadindidwa? Yalowa m'kaundula wa makalata olandiridwa?"

"Ayi. Ndinaiika ndekha pa tebulo."

"Ndiye inu ndi amene munandiphunzitsa, sabata yanga yoyamba, mutandibwezera pepala langa: chosalowa m'kaundula sichinafike." Anaipinda kalatayo motsata mapindidwe ake, naibwezera mu envelopu, naitambasulira kwa iwo. "Tengani katundu wanu. M'nyumba muno simunafike kalata lero."

A Roorda anafufuza cholakwika pa mfundoyo, pakuti sankafuna kukhululukidwa mwachinyengo. Sanachipeze. Lamulolo linali loona, ndipo amene analilemba mu 1994 anali iwo omwe. Analandira envelopuyo ndi manja awiri.

"Sindidikira Lachisanu, mungandilemberenso ina," anapitiriza mayi Algra. "Mukapuma muzibwera Lachiwiri ndi Lachinayi. Kiyi musunge. Koma mndandanda muzilemba m'kompyuta, osati pa timakadi ta m'thumba la jekete. Ndikudziwa kuti mukadali nato."

"Ndamva, mayi."

"Ndipo za kabati ija. Sindikanasintha maganizo, inayenera kuchoka. Koma ndinayenera kuyamba ndakufunsani, osati muionere pa zenera. Pamenepo ndinalakwa. Basi, pitani, ndivule jasi."

A Roorda anaimirira, anawerama pang'ono, nati, "Zikomo kwambiri, mayi Algra." Anafuna kuwonjezerapo mawu ena, koma anaona kuti amene anenedwawo akwanira.

M'khonde anakhala pa benchi ya alendo, chinthu chimene anali asanachitepo. Pansi pa mapazi awo, kuseri kwa matabwa ndi simenti, mabokosi aja anali pomwepo, ndipo anali awo mpaka adzathe. Anawerengera mumtima: akamamaliza bokosi limodzi pa masabata awiri, ndi zaka pafupifupi zisanu. Anamva njala yaikulu, nakumbukira kuti buledi wawo wa tchizi ali m'chikwama.

"Bambo Roorda!" Anali Marrit, mutu uli pakhomo la chipinda chake. "Mwathawa musanasinthe mawu! Khofi wanunso wazizira. Mwatsala inu nokha ndi wa kulaibulale uja."

Anabwerera, nakhala patsogolo pa kompyuta. Marrit anagogoda mabatani angapo, nawakankhira thabwa la zilembo.

"Akale kamodzi, atsopano kawiri. Musafulumire."

A Roorda anatambasula zala, kenako anazengereza, pozindikira kuti ayenera kulemba chiganizo chija komaliza munthu ali pambali pawo, maso ake ali pafupi ndi manja awo. Koma asananene kanthu, Marrit anazunguza mpando wake wonse, nafulatira, nayang'ana kukhoma kumene kunalibe chilichonse choona koma kalendala yakale.

"Mukutani, mayi Hoitsma?"

"Munthu akamalemba mawu ake, timayang'ana kumbali. Ndi mwambo wathu. Palibe amene anaulemba, koma wosautsata sitimuwerengera. Mukamaliza munene."

A Roorda anayang'ana msana wa juzi lalikulu lija. Zaka zisanu ndi ziwiri ankamuona mayi ameneyu ngati munthu wosaleredwa.

"Ndi mwambo wabwino," anatero.

"Lembani, achikulire, khosi lindipweteka."

Analemba.